Ana a Mphaka ndi Madzi a Fodya

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, aMwale, chimene chimayamba kundifikira ndi fungo la fodya wonyikidwa m'madzi, fungo lowawa lokakamira kukhosi, limene linkatuluka m'chitini chakale cha penti chomwe ankachisunga kuseri kwa khola la nkhuku atachivundikira ndi chidutswa cha lata. Iwo sankasuta. Ankafesa, kuwokera, kuthyola, kusoka, kuyanika m'chigafa, kusankha ndi kudinda mabelo, ndipo zala zawo zinkakhala zakuda bii ndi utomoni wa masamba chaka chonse, ngakhale Lamulungu atavala jekete la kutchalitchi. Koma ndudu pakamwa, ayi.

Anali mkamwini wochokera cha ku Kaluluma. Anakhala m'mudzi mwa agogo aakazi, aNankhoma, kufupi ndi Kapelula, mpaka imvi zinadzaza mutu, koma lilime lawo silinasamuke. Pokana ankati "yayi", ndipo mphaka ankamutcha chona. Ine ndinkakhala nawo chifukwa amayi ankagwira ntchito ku Mtunthama, komwe ankachita lendi kachipinda kamodzi. Agogo aamuna ankanditcha "mkazi wanga", monga amachitira agogo kwathu pocheza ndi adzukulu, ndipo aNankhoma akafuna kundituma ankati "mkazi mnzanga".

Kwa aMwale fodya anali mbewu komanso chipatala. Dzino likawawa, ankaikapo kachidutswa ka tsamba. Mbuzi ikachita chilonda cha mphutsi, ankathirapo fodya wosinja. Nkhuku zikagwidwa ndi utitiri ankaviika kanthambi m'chitini muja n'kuwaza khola lonse, ndipo mpiru wa kudimba ukagwidwa ndi nsabwe ankawaza madzi omwewo. Ndiyenera kunena chilungamo: nthawi zambiri zinkathandizadi. Utitiri unkatha, nsabwe zinkayoyoka, iwo n'kupukuta manja pa buluku. "Fodya sanama," ankatero.

Chaka chimene ndikunenachi ndinali Sitandade 4. Loweruka lina la mwezi wa February tinalowa m'munda mame asanakamuke kukathyola masamba a m'munsi. Fodya anali wamtali kundiposa, ndipo ndinkakumbatira masamba onyowa pachifuwa mpaka diresi lonse linamatirira pathupi. Dzuwa lisanafike pamutu dziko linayamba kuzungulira, malovu anadzaza m'kamwa, ndinasanza pamzere miyendo ikunjenjemera. Agogo anandinyamula n'kundigoneka pansi pa mtengo wa mango.

"Njala imeneyo," anatero. "Wathawa phala m'mawa."

Pofika madzulo ndinali nditachira. Ana ambiri a m'mudzi zinkawachitikira nyengo yothyola, ndipo akuluakulu ankati ndi njala, malungo kapena ulesi. Nkhani inathera pomwepo.

Zinali zaka zoyambirira za makuponi a feteleza wotsika mtengo. Anthu amazikumbukira zakazo ndi mizere ya padepoti ndi mikangano ya mayina, koma pali china chimene sindinachiwerengepo m'nyuzipepala iliyonse, ngakhale zimene ndagwirako ntchito: makoswe. Chimanga chitachita bwino nkhokwe zinadzaza, matumba ena anaunjikidwa m'zipinda zogona poopa akuba, ndipo makoswe anabwera ngati awaitana pa wailesi. Ankaboola matumba, kudya sopo, kuluma ana zidendene ali mtulo. Anthu anayamba kugula mankhwala a timibulu takuda omangidwa m'timapepala, amene anyamata ankagulitsa pa tsiku la msika, n'kumasakaniza ndi gaga kapena mitu ya usipa.

Pakhomo pathu sitinagule, chifukwa tinali ndi mphaka wamkazi wamawangamawanga. Anabwera yekha sabata imene agogo analandira kuponi yawo yoyamba, choncho dzina lake linali Kuponi.

Ndinamupeza m'mawa wina wa mwezi wa June, mphepo yozizira ikuuluza makoko a chimanga pabwalo, ndikupita kukatsegulira nkhuku. Anali pansi pa nkhokwe, atauma gwa, thovu lili kukamwa. Sitinadziwe kuti khoswe amene anadyayo anachokera nyumba iti, ndipo agogo sanafunse. Mkamwini safunsa mafunso otero m'mudzi wa eni. Anawerama n'kumutembenuza.

"Chona uyu amayamwitsa," anatero. "Taona mawerewa. Ana ali kuti?"

Sindinkadziwa. Tinafufuza kukhitchini, m'nkhokwe, pamwamba pa khola ndi m'mulu wa nkhuni. Kenako agogo anakweza dzanja kuti ndikhale chete. Kuchokera m'chigafa, kuseri kwa mabelo amene anali atadindidwa kale kudikira lole, kunkamveka kulira kwapansipansi ngati kwa anapiye onyowa.

Ana anali atatu, atapanikizana pa chiguduli. Kena kanali kakuda, kena kamawanga ngati mayi ake, ndipo kachitatu kanali kotuwa, kakang'ono koposa onse, kokwana m'chikhatho changa. Maso awo anali atamatana ndi manthongo achikasu, mimba zitaphwa, ndipo nditawakhudza anali ozizira ngati mwala wa pamjigo. Nthata zinkayenda pankhope pawo poyera, osabisala.

ANankhoma anaima pakhomo la chigafa atagwira m'chiuno.

"Zimenezo n'zakufa kale, aMwale. Mwana wa mphaka wopanda mayi ndani anamulerapo? Musamupatse mwanayu chisoni chachabe."

"Mayi wawo watisungira chimanga chaka chonse," anatero agogo. "Ndiye ife tikawataye kudzala? Yayi."

Anatenga dengu, anatenthetsa njerwa pamoto, anaikulunga ndi chitenje chakale n'kuiika pansi pa denguro, ndipo anagoneka ana aja mozungulira. Anati choyamba ndi kutentha, chakudya pambuyo, chifukwa ngakhale kambuzi kozizira sikayamwa.

Vuto linali mkaka. Kwathu mbuzi sitikama, timaziweta kuti zikhale ndiwo za pamaliro ndi fizi ya sukulu. Koma mbuzi yathu ina inali ndi kamwana, ndipo m'mawa womwewo anthu anaona zimene anali asanaonepo. Ine ndinagwira nyanga, agogo ananjuta kumbuyo ndi kapu ya pulasitiki, mbuzi ikuponya miyendo uku ndi uku. Amayi ena opita kumjigo anatula ndowa pansi.

"AMwale, mwayamba kulimbirana bere ndi kambuzi?"

"Pitani mukatunge madzi, mjigo uzizira," anayankha osadzutsa mutu.

Anapeza mkaka wongophimba pansi pa kapu. Tinayesa kuwamwetsa ndi supuni koma mkaka unatulukira m'mphuno mwa kakuda, kakutsokomola, ndipo agogo anasiya msanga. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kabokosi kawo ka zipangizo za njinga. Mmenemo munali kamphira kofewa kopyapyala kamene kamavalidwa pa valavu. Anakadula, anakawiritsa, n'kukalumikiza kukamwa kwa kabotolo kopanda kanthu ka mankhwala a m'maso ka aNankhoma. Kakuda kanagwira kamphirako nthawi yomweyo, makutu akugwedezeka. Kamawanga kanatsatira. Kotuwa kanangonyambita madontho awiri atatu n'kugwetsa mutu.

ANankhoma, amene ananena kuti n'zakufa kale, anaonerera kwa kanthawi kenako anatsonya.

"Mwawamwetsa, nanga atulutsa bwanji? Simunaonepo mphaka akunyambita ana ake kumunsi? Mumayesa n'chikondi chokha? Akapanda kutero sakodza."

Anang'amba kansanza, anakaviika m'madzi ofunda, n'kuonetsa amuna awo mmene angapukutire pansi pa mchira pang'onopang'ono mpaka kamwana katakodza. Ndi iwonso amene anatsuka manthongo ndi madzi a mchere pang'ono, mpaka timaso tabuluu tinatseguka.

Kuyambira tsiku limenelo agogo aamuna sankapita kutali. Ana ankafuna kumwa pafupipafupi, njerwa inkafuna kusinthidwa isanazizire, ndipo mbuzi inkafuna kunyengereredwa ndi gaga. Kukabwera munthu wowafuna, aNankhoma ankayankha mokweza kuti amve: "Amuna anga alowa chikuta, bwerani mchombo ukagwa." Chikuta ndi m'nyumba mmene mayi amabindikira ndi khanda longobadwa, ndipo mwamuna salowamo n'komwe. Agogo ananyamula nthabwalayo n'kuiyesa yawo. Nditafuna kutcha ana aja mayina anandiletsa.

"Khanda la m'chikuta silitchulidwa dzina. Dikira atuluke."

Patapita masiku ochepa, awiri akuluwo anayamba kukwawa m'dengu. Koma nthata nazo zinakondwera ndi kutentha kwa njerwa, zinaswana. Nthata imamwa magazi, ndipo kamphaka kokwana m'chikhatho kalibe magazi otaya. Agogo anatsegula kukamwa kwa kotuwa ndi chala n'kundionetsa nkhama. Zinali zoyera mbee.

"Zikuwamaliza izi," anatero. "Mawa tiwasambitsa."

Linali Loweruka masana, dzuwa lili bwino. Anali atanyika zinyenyeswa zatsopano za fodya kuyambira dzulo lake, ndipo madzi a m'chitini anali ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Chimene chimandipweteka mpaka lero ndi chisamaliro chimene anachitira ntchitoyo. Anasefa madziwo ndi kansalu. Anawafunditsa pamoto kuti ana asazizidwe, anawayesa ndi chigongono, anathirako ozizira pang'ono, n'kuyesanso. Fungo lake linandilowa m'mphuno ndipo ndinabwerera m'mbuyo, koma sindinadziwe chifukwa chake.

"Agogo, si owawa madziwa?"

"Nkhuku zingati zafa nawo, mkazi wanga? Gwira chitenje."

Anawaviika mmodzimmodzi mpaka m'khosi, akutikita ubweya ndi zala. Nthata zinathawira kumutu, zina zinayandama m'beseni zitafa. Agogo anaseka, chinthu chimene sankachita kawirikawiri.

"Waona? Fodya sanama."

Tinawagoneka pamphasa padzuwa kuti aume. Kakuda, kamphamvu koposa onse, kanayamba kudzinyambita, kenako kunyambita anzake.

Madzi a m'beseni anali asanazizire n'komwe pamene ndinaona dovu likutsika kukamwa kwake ngati ulusi. Kanayesa kuima, kanazungulira, kanagwa cham'mbali. Thupi lonse linayamba kunjenjemera, kenako kanasanza mkaka wonse wa m'mawa. Kamawanga nako kanayamba chimodzimodzi. Kotuwa sikanasunthe, koma nthiti zake zinkakwera ndi kutsika mofulumira moti sindikanatha kuwerenga.

Ndinakuwa. ANankhoma anasiya lichero la nyemba n'kubwera akuthamanga. Anayang'ana pamphasa, anayang'ana beseni, kenako analankhula motsitsa mawu, mosiyana ndi chizolowezi chawo.

"Dovu, kusanza, kunjenjemera. AMwale, si mmene anachitira mwanayu m'munda muja?"

Agogo anatembenuka n'kundiyang'ana. Sanayang'ane amphaka, anayang'ana ine, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati akundiona koyamba. Nkhope imeneyo ndinali ndisanaionepo, ndipo inandiopsa kuposa zimene zinali pamphasa.

"Sopo," anatero pomaliza. "Madzi ofunda, ambiri. Thamanga!"

Tinawatsuka atatu tonse. ANankhoma ankathira madzi, agogo ankapaka sopo ndi kutsukuluza, ine ndinkataya beseni n'kubweretsa lina. Madzi oyamba anatuluka ofiirira, achiwiri achikasu, ndipo tinapitiriza mpaka anatuluka oyera. Ana anali lobodo m'manja mwawo ngati nsanza. Tinawapukuta, tinawakulunga, ndinathamangira njerwa yotentha ndipo inandiwotcha chala koma ndinazindikira madzulo.

Kakuda kanafa dzuwa lisanapendeke. Kanadziwongola kamodzi, kanatsegula kukamwa popanda kulira, basi. Agogo anakasunga m'manja nthawi yaitali. Kenako anatenga khasu limene linkatsamira pakhoma la khitchini, anapita kuseri kwa chigafa, anakumba kadzenje n'kukakwirira. Kwathu mphaka wakufa amatayidwa kutchire, koma palibe amene anawaletsa. Atabwerera anaimika khasu pamalo pake, dothi lofiira litamatirira kumaso kwake.

Lero ndikudziwa dzina la chimene chinachitika. M'fodya muli chikonga, poizoni amene chomeracho chimadzitetezera nacho ku tizilombo. Chimasungunuka m'madzi ndipo chimalowa pakhungu, makamaka tsamba likanyowa ndi mame kapena mvula. Thupi likachepa, chimafika msanga. Agogo sankadziwa mawu amenewa, koma madzulo a tsiku limenelo sanadye, ndipo sananenenso kuti fodya sanama.

Kamawanga kanasiya kunjenjemera tsiku lotsatira, ndipo pofika madzulo kanagwiranso kamphira. Kotuwa kanakana. Kanali moyo, koma moyo wake unali wongooneka pa nthiti. Ukakaika kamphira kukamwa, kankangokasiya pomwepo, mkaka n'kutsikira kuchibwano.

Lolemba m'mawa, ndikumanga mabuku m'jumbo, lole ya mabelo inafika. Chiyambire ulimi wawo, agogo anali asanalolepo kuti fodya wawo apite kumsika iwo atatsala. Ankakwera pamwamba pa mabelo ndi bulangete, n'kukadikira komweko mpaka atagulitsidwa. Amalume Yohane, mwana wawo wamwamuna amene ankalima nawo limodzi, anakweza mabelo ndi anyamata a palole, kenako anabwera pakhonde.

"Bambo, tiyeni, dalaivala akufulumira."

"Pita iwe."

"Ine? Ndekha?" Amalume anayang'ana pachifuwa pa agogo, pamene jekete linatukuka pang'ono. Kotuwa kanali mkati, pakati pa malaya ndi khungu lawo. "Thukuta la chaka chonse mukulisiya chifukwa cha mphaka? Komanso bambo, nkhalamba yoyenda ndi mphaka m'jekete mukudziwa zimene anthu amanena m'mudzi muno."

"Anene. Pakamwa mpawo."

"Nanga akakabweza belo ndikayankha chiyani?"

"Uli ndi ndevu, ukayankha. Fodya uja wauma kale, sangafe kawiri. Uyu ndikamusiya, pobwera ndidzapeza khasu lagwira ntchito."

Lole inaliza hutala. Amalume anapukusa mutu n'kukwera. Agogo anaima pabwalo mpaka fumbi litatha, dzanja limodzi lili pachifuwa, ndipo ndinaona kuti kutsalako kunawawawa.

Masiku otsatira anali a dontho limodzilimodzi. Ankatsegula kukamwa kwa kamwanako ndi chikhadabo, kudonthetsa mkaka palilime, kusisita pakhosi ndi chala mpaka katameza, kudikira, n'kudonthetsanso. Kapu imene ine ndikanaimwa kamodzi inkatenga tsiku lonse. Asanakagwire ankapita kuseri kwa nyumba ndi sopo ndi mwala wokhulira mapazi, n'kukhula manja mpaka khungu kufiira. Akatero ankanunkhiza zala chimodzichimodzi, ndipo akamva kafungo ka fodya ankabwerera kukakhulanso. Sabata imeneyo ndi pamene ndinaona koyamba mtundu weniweni wa zala za agogo anga.

Kusukulu sindinkamva kanthu. Aphunzitsi ankalemba masamu pabolodi, ine ndinkaona nthiti zikukwera ndi kutsika. Poweruka ndinkasiya anzanga m'njira, ndipo ndikafika pamtengo wa mango, pamene nyumba yathu imayamba kuonekera, sindinkayang'ana khonde kapena anthu. Ndinkayang'ana khoma la khitchini. Khasu likakhala pamalo pake, dothi lake louma, ndiye kuti kotuwa kakadali moyo. Ndikaliona ndinkayamba kupuma.

Sindinkafunsa, ndipo agogo aamuna sankandiuza zonama. "Kameza pang'ono," ankatero. Tsiku lina anati, "Lero kakana." ANankhoma anasiya nthabwala ya chikuta. Ankatenthetsa njerwa asanapemphedwe, ndipo mbuzi itayamba kuuma mkaka ndi iwo amene anapita kwa achemwali awo kukabwereka ina, akuikoka ndi chingwe mudzi wonse ukuona.

Tsiku lina ndinafika pamtengo wa mango ndipo khasu panalibe.

Ndinaima. Ndinayang'ananso, mwina lagwa pansi, mwina lasunthidwa. Khoma linali lopanda kanthu. Jumbo ya mabuku ndinaitaya pomwepo, ndinathamangira kuseri kwa chigafa, minga ikundibaya. Kadzenje ka kakuda kanali kokhakokha, dothi lake litauma. Ndinazungulira chigafa chonse kufunafuna dothi latsopano, ndikulira mokweza, mpaka ndinatulukira kukhonde.

Agogo anali pampando wawo. Anaika chala pakamwa kuti ndikhale chete, n'kundikodola.

Kotuwa kanali pa bondo lawo, pa chitenje. Kamphira kanali m'kamwa mwake ndipo kankakoka kokha, makutu akugwedezeka, timiyendo takutsogolo tikuponda chala cha agogo mosinthanasinthana ngati mmene ana amaponderera bere la mayi wawo. Mkaka m'kabotolo unkatsika ndikuona. Agogo anagwiritsitsa kabotolo kuti kasasunthe.

"Khasu," ndinanong'ona. "Khasu lili kuti?"

"Mkazi mnzako wapita nalo kukakumba mbatata."

ANankhoma atabwera ndi dengu pamutu ndinawakalipira ngati ndine wamkulu. Anatula dengu, anayang'ana kamphaka kali mtulo mimba ili tolotolo, n'kunena kuti, "Ndiye tisadye chifukwa cha makanda a amuna ako?" Koma kuyambira tsiku limenelo akafuna kukumba ankatenga khasu lina.

Nthata zotsala tinazichotsa ndi manja. ANankhoma ankakhala padzuwa ndi chipeso cha nsabwe, kupesa ubweya, n'kumaswa nthata pakati pa zikhadabo, akudandaula kuti anabereka ana asanu ndi mmodzi ndipo palibe amene anawavutitsa chotere. Zogonera tinkaziwiritsa ndi kuziyanika tsiku lililonse. Nkhama zinayamba kufiira. Amalume anabwerako kumsika atagulitsa bwinobwino, ndipo anapeza amphaka awiri akulimbirana chingwe cha nsapato zawo.

Atayamba kunyambita okha phala la mkaka m'mbale, agogo anati chikuta chatha. Kamawanga ndinakatcha Kuponi, dzina la mayi ake. Kotuwa anakatcha okha. Anati ndi Mame, ndipo sanafotokoze.

Chitini cha penti sanachitaye. Anapitiriza kuwaza mpiru ndi khola, koma anachikweza pamwamba pa denga la khola, ndipo ankawaza okha, ife tili kutali.

Mvula inabweranso, fodya anakula, nyengo yothyola inafika. Loweruka loyamba ndinadzuka m'mamawa, ndinamwa phala lonse pamaso pawo kuti asadzanene za njala, ndinavala diresi langa lakumunda n'kuwatsatira. Ana awiri a amalume anali kale m'mphepete mwa munda. Masamba ankadontha mame. Agogo anali atang'amba thumba la feteleza lopanda kanthu, atalitsuka, ataboola pamutu ndi m'manja n'kulivala pamwamba pa malaya. Anatembenuka.

"Ukupita kuti, mkazi wanga?"

"Kukathyola."

"Yayi." Analoza ine, kenako ana a amalume. "Mwana salowa m'fodya. Bwererani."

"Bambo, manja achepa," anatero amalume. "Ifetu tinakula tikuthyola. Tinafa?"

"Unkasanza chaka chilichonse, ine n'kumati ndiwe waulesi." Agogo anayang'ana mzere. "Tithyola ife akuluakulu, dzuwa likaumitsa mame. Zikatitengera masiku ambiri zititengere. Iwe, pita ukaone achona ngati adya."

Umenewo ndi ulendo wokhawo umene ndinawamva akuyandikira kupepesa. M'minda yoyandikana nafe ana anapitiriza kulowa m'mame monga kale, ndipo ena ankatiseka kuti ndife mabwana. Ine sindinakumbatirenso tsamba lonyowa.

Agogo anamwalira ndili ku sekondale. Mame anawatsalira, mphaka wamkulu wotuwa wosakonda anthu, amene ankagona pa jekete lawo mpaka aNankhoma anasiya kumuchotsapo. Nkhokwe yathu sinalowenso khoswe, ndipo zidzukulu za Mame zili m'nyumba zingapo za m'mudzimo, kuphatikizapo za amayi amene anatula ndowa kuti aseke.

Ine ndimakhala mumzinda tsopano, ndipo papita zaka zambiri ndisanagwire tsamba la fodya. Chaka chatha ndinabereka mwana wamkazi. Tsiku limene tinatuluka kuchipatala, ndisanamunyamule pabedi, ndinapita pasinki kukasamba m'manja ndi sopo. Bambo ake anaima pakhomo akundiyang'ana, kenako anafunsa kuti ndinkafuna kumva fungo lanji. Ndinali ndisanazindikire kuti ndikununkhiza zala, chimodzichimodzi.